Choipa Sichitsata Mwini Yekha: Maganizo pa Kanema wa Dark Waters

Kanema wa Dark Waters ndi wa Todd Haynes. Anatuluka mu 2019, ndipo nkhani yake ndi yoona. Mu 1998 mlimi Wilbur Tennant wa ku Parkersburg, ku West Virginia, anakadandaula kwa loya Robert Bilott kuti ng'ombe zake zikufa zikamwa mumtsinje. Kunapezeka mankhwala a PFOA, amene kampani ya DuPont inkagwiritsa ntchito popanga Teflon, yokutira mapoto kuti chakudya chisamakakamire. Atafufuza anthu pafupifupi 69,000, akatswiri anaona kuti mankhwalawo amagwirizana ndi matenda monga khansa ya impso. Mu 2017 milandu yoposa 3,500 inatha polipira madola 671 miliyoni.

Chotamandika m'kanemayu ndi kuleza kwake. Mark Ruffalo saonetsa Bilott ngati ngwazi, koma ngati munthu wotopa, wokwiririka m'mapepala zaka zambirimbiri, banja lake likuvutika. Woonera aphunzira kuti choonadi chimafuna thukuta.

Komabe tiyenera kunena pamene kanemayu aperewera. Atisonyeza wolakwa mmodzi, fakitale imodzi ndi bwalo la milandu, ngati kuti chiweruzo chikaperekedwa madzi ayera. Mankhwala a mtundu wa PFAS ali m'zovala zosaloŵa madzi, m'mapepala okulungira chakudya ndi m'thovu lozimitsira moto. Tikachapa, amatsikira m'mipope ya zonyansa. Malo oyeretsera zonyansa amadalira tizilombo toolesa, koma mfundo yomanga carbon ndi fluorine tizilomboto sitiimasula. Choncho mankhwalawo amadutsa, naloŵa mumtsinje, m'nsomba ndi m'magazi a munthu.

Ife a ku Mpingu mfundoyi itikhudza. Mtsinje wa Lilongwe uchokera ku Dzalanyama, udzaza madamu a ku Malingunde, udutsa mumzinda, nulandira madzi a m'mayiŵe a zonyansa a ku Kauma, kenaka uthira mu Linthipe mpaka ku nyanja ya Malaŵi cha ku Salima. Mayi wothirira dimba kumunsi ndi msodzi wa kunyanja alandira chilichonse chimene akumtunda ataya, chonsecho alibe loya.

Akale anati choipa chitsata mwini. Kanemayu avomereza mwambiwo. Mtsinje uukana, pakuti choipachi chitsata wakumunsi. Muuonere ndithu kanemayu, koma ukatha mudzifunse kuti madzi a m'nyumba mwanu akumwa ndani.