Za Masewera a Ana Ang'ono m'Sukulu za Mkombaphala za ku Chitipa

M'midzi yambiri ya boma la Chitipa, kuyambira ku Nthalire kufikira ku Misuku ndi ku Kameme, muli timasukulu ta ana osafika zaka 6, timene anthu atitcha sukulu za mkombaphala, ndipo a boma atitcha CBCC. Kawirikawiri anawo asonkhana m'nyumba ya mapemphero, chifukwa m'mudzi mulibe nyumba yina yaikulu. Ndipo alezi ao ambiri agwira nchitoyo mongodzipereka. Tsono popeza mphunzitsi wa mpingo kapena katekisti ndiye asunga mfungulo ya nyumbayo, nkhani iyi iri pakhomo pathu. Alezi auzidwa kuti aphunzitse ana mwa masewera. Lamulolo nlabwino, ndipo sitilikana. Chimene tifuna kuyesa pano ndi machitidwe ache, pakuti pali malo amene dzina la masewera limveka, koma masewerawo saoneka.

1. Kumene chiphunzitso ichi chinachokera

Friedrich Froebel wa ku Germany anatsegula sukulu ya ana ang'ono ku Bad Blankenburg m'chaka cha 1837, ndipo mu 1840 anaitcha Kindergarten, ndiko kunena munda wa ana. Iye anapatsa ana timipira ndi timitengo tosema bwino, kuti adziwe maonekedwe a zinthu pozigwira ndi manja. Maria Montessori anatsegula nyumba yache ya ana mu mzinda wa Rome mu 1907, pakati pa anthu osauka; nayenso anati mwana aphunzira ndi zala asanaphunzire ndi khutu. Boma la Malawi linakhazikitsa ndondomeko yache ya kaleredwe ka ana ang'ono mu 2003, ndipo maganizo a anthu awiriwa amveka m'menemo.

Komatu tizindikire ichi: Froebel anatenga mtengo chifukwa kwao kunali nkhalango ndi amisiri a matabwa. Wotsata nzeru yache ku Chitipa ayenera kufunsa chimene chiri pafupi ndi mwana wa ku Chitipa. Wodikira matabwa a ku Ulaya wagwira chikwama, nasiya ndalama.

2. Vuto liri m'liu lenilenilo

Oyang'anira sukuluzi adandaula kuti makolo safuna masewera, afuna Chingerezi. Tisanadzudzule makolo, tiyese liu limene tawapatsa. M'Chichewa, mneni "kusewera" alandira "-ets-" nakhala "kuseweretsa", ndipo kuseweretsa kuli ndi nkhope ziwiri. Mwana aseweretsa chidole, komanso munthu wopusa aseweretsa ndalama, ndipo wokwiya ati, "Usandiseweretse." Chinthu chopanda pache tichitcha "chamasewera". Chifukwa chache mai wotuluka m'munda akamva kuti mwana wache aphunzira mwa masewera, khutu lache limva kuti dzuwa la mwana litayidwa chabe. Iye sanalakwe galamala. Amene anamasulira ndiwo anasankha liu lolemedwa ndi chipongwe.

Chinenero chathu chiri nao mau ena amene kholo siliwapeputsa: kuumba, kumanga, kuluka, kusankha, kuyerekeza, kutsanzira. Liriponso liu lakuti masanje. Palibe gogo amene anena kuti masanje ali chabe, pakuti adziwa kuti m'timisasa tija mtsikana anayamba kuyesa madzi a nsima, ndi mnyamata kumanga tsindwi. Mlezi akauza makolo kuti lero ana anaumba ng'ombe naziwerenga, adzamvedwa msanga koposa akati ana anasewera.

3. Kuloweza kobvala malaya a masewera

Cholakwa chachikulu chimene tichiona ndi ichi. Ana akhala m'mizere, mlezi aimirira kutsogolo, nafuula maina a malembo, a masiku ndi a miyezi m'Chingerezi. Ana abwereza, naomba m'manja. Popeza pali kuomba m'manja ndi kulumpha, anthu ati ndiwo masewera. Iai, kumeneku ndi kuloweza, monga kunali m'sukulu za kumudzi zakale, kumene ana anaimba a, e, i, o, u pa chipepala chopachika. Ndipo sukulu zakalezo zinali ndi ichi chabwino, kuti zilembozo zinatsogolera mwana ku mau amene anawadziwa.

Yesani nokha. Tengani mwana wodziwa kufuula wani, thu, fili mpaka 20, muike nyemba 4 pa dzanja lache, nimumfunse kuti ziri zingati. Ambiri adzayambanso nyimbo ija osayang'ana nyembazo. Chiwerengero chakhala pa lilime, sichinatsikire ku zala.

Taonani tsono m'mene chinenero chithandiza mwana wogwira zinthu. M'Chichewa chiwerengero chigwirizana ndi chinthu chowerengedwa: mwala umodzi, miyala iwiri; nthochi imodzi, nthochi ziwiri; dzira limodzi, mazira awiri; kamtengo kamodzi, timitengo tiwiri. Mwana sangathe kunena "-wiri" osadziwa chimene chiri chiwiri. Ndipo pofika pa 6 tinena "zisanu ndi chimodzi", ndiko kutsiriza dzanja limodzi ndi kuyamba linzache. Zinenero za ku Chitipa nazo zigwirizanitsa mau mwa njira yomweyi, chiri chonse ndi maphatikizo ache. Mwana wogawa miyala m'maenje, kapena wosewera phada, aphunzira masamu ndi galamala pa nthawi imodzi, osadziwa kuti aphunzira.

4. Za bokosi la zidole

Mabungwe okoma mtima apereka mabokosi a zidole, mabuku a zithunzi ndi makrayoni. Mphatsoyo tiyenera kuithokoza. Koma bokosi liri ndi matenda awiri. Oyamba, chinthu chogula chiopsa wosauka: mlezi aopa kuti chidole chikathyoka adzafunsidwa, ndipo achitsekera kufikira tsiku la alendo. Achiwiri, bokosi liphunzitsa mudzi kuti nzeru ifika pa galimoto, ndi kuti sukulu yopanda bokosi iribe chochita.

Pali umboni woyenera kuumva. Akatswiri a World Bank pamodzi ndi anzao anayesa sukulu za mkombaphala 199 m'maboma 4 a Malawi, nalengeza zimene anapeza mu 2018. Sukulu zonsezo zinalandira zoseweretsa ndi zophunzirira. Mwa zina alezi anaphunzitsidwa. Mwa zinanso anaphunzitsa alezi ndi makolo omwe. Patapita miyezi 18, ana amene anaonetsa kupambana m'kalankhulidwe ndi m'kakhalidwe ndi anzao anali a kumene makolo anaphunzitsidwa pamodzi ndi alezi. Patapita miyezi 36, kupambanako sikunaonekenso. Phunziro lache liri pawiri: chokuza mwana ndi munthu wolankhula naye, ku sukulu ndi kunyumba komwe, ndipo mbeu yomera bwino ingathe kufota ngati munda wolandira mbande suli wokonzeka. Mau awa akhudza inu aphunzitsi a Sitandade 1.

Dziko la Chitipa silisowa zipangizo. Dongo la ku dambo liumba ng'ombe, ndipo mwana wa oweta adziwa kusiyanitsa nkhunzi ndi thadzi, nyanga ndi linunda. Phesi la chimanga lipanga galimoto ndi magalasi a m'maso. Luzi la nthochi za ku Misuku limanga mpira ndi mwana wa chidole. Nyemba za mitundu mitundu zisankhidwa monga mwa maanga ao. Zitsononkho zimanga khola. Makala alemba pansi. Izi zikathyoka palibe wolira, ndipo kuzipanga ndiko phunziro loyamba.

5. Mwana asewera m'chinenero cha amache

Apa ndipo Chitipa asiyana ndi maboma ena. Muno mulankhulidwa Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chimambwe, Chinamwanga, Chitumbuka ndi zina. Zingapo mwa izi ziika lembo la liu patsogolo pa dzina, monga timva m'maina akuti Ichilambya ndi Ichindali, chinthu chimene Chichewa sichichita. Malamulo a sukulu asintha kangapo: mu 1968 Chichewa chinaikidwa kukhala chinenero cha dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu, mu 1996 boma linati ana a Sitandade 1 kufikira 4 aphunzire m'chinenero cha kwao, lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi. Koma mwana wa zaka 3 sawerenga malamulo. Iye akangana ndi mnzache, natonthoza chidole chache, naitana ng'ombe yache ya dongo m'chinenero chimene anayamwa.

Mabuku ndi nyimbo zofika m'sukuluzi zikhala za Chingerezi kapena za Chichewa. Ife olemba m'Chichewa tiyenera kunena zoona: kwa mwana wa ku Misuku, zonse ziwiri ndi zachilendo. Mlezi akaletsa chinenero cha mwana, waletsa masewera, pakuti mwana wosalankhula sayerekeza kanthu. Angokhala chete ndi kutsanzira phokoso. Chichewa ndi Chingerezi zilowe monga alendo, pang'ono pang'ono, mwa nyimbo imodzi kapena dzina la chinthu chimene mwana wagwira kale. Mwini nyumba akhale chinenero cha amache.

6. Zimene za kumudzi sizikwanitsa

Tisapitirire muyeso ndi kunena kuti za makolo zikwanira zokha. Masanje apatsa mtsikana mphika ndi mnyamata nkhwangwa nthawi zonse. M'sukulu mtsikana amangenso galimoto, ndi mnyamata agawe chakudya. Mwana wolumala kapena wosamva asiyidwa pambali pa chipako, ngati wamkulu samkonzera malo. Buku la zithunzi liri ndi nchito imene dongo silingathe: liphunzitsa kuti chizindikiro pa pepala chisunga mau. Ndipo nyemba zazing'ono siziyenera kwa kamwana koika zonse m'kamwa kapena m'mphuno. Koposa zonse, mwana wanjala sasewera. Dzina lija la mkombaphala anthu alinena moseka, koma lanena zoona: phala likatha, ana aleka kubwera. Munda wa sukulu ndi nkhokwe yache ziri mbali ya chiphunzitso.

7. Chotsalira kwa ife

Mneneri Zekariya, pofotokoza mudzi wodalitsika m'mutu 8, atchula anyamata ndi atsikana osewera m'makwalala mwache. Ambuye mwini, pa Mateyu 11, atenga fanizo kwa ana a pamsika oyerekeza ukwati ndi maliro.  Sitiyenera kuchita manyazi ndi chimene Iye sanachinyoze.

Chifukwa chache tipempha izi. Mukalowa m'sukulu ya mkombaphala, musayambe kufunsa ana malembo. Yang'anani manja ao ngati ali ndi dothi, nimumvere ngati liu la mlezi lokha ndilo limveka. Tsegulitsani bokosi ngati liripo. Itanani agogo tsiku limodzi pa sabata adzanene nthano ndi zirapi m'chinenero cha pamudzipo. Pa msonkhano wa mpingo fotokozerani makolo ndi mau a kuumba ndi kuwerenga, nimuwakumbutse kuti m'mera mpoyamba. Potsiriza, mphunzitsi ali yense alembe maina a masewera a ana a kumene akhala, m'Chilambya, m'Chindali, m'Chisukwa kapena m'chinenero china, pamodzi ndi malamulo ache ndi msinkhu wa ana owasewera, natumize kwa Mkonzi, kuti tiwasindikize m'masamba ano alezi onse apindule nao.