Moto Panthawi Yake

Galimotoyo inazimira pachitunda, ndipo anyamata atatu anachita kuikankha mpaka pansi pa mtengo wa mango pomwe pali galaja. Inali Volkswagen Beetle ya 1969, yamsana ngati kamba, utoto wake utazilala ndi dzuwa. Mwiniwake ankadandaula kuti m'mawa imavuta kulira, ndipo ikati yalira imayenda motsimphina, makamaka kukagwa mvula. Ine ndinali pomwepo kudikira kuti andiwotcherere ekizozi, koma nditaona m'mene makaniko anaiyandikirira galimotoyo, zanga ndinaziiwala.

Makanikoyo ndi bambo waimvi, wosachulutsa mawu. Anatsegula kumbuyo, poti injini ya Beetle imakhala kumbuyo, nagunditsa chikhatho pachitsulo, n'kutembenukira mnyamata wake amene anali atagwira kale sipanala.

"Ikhazike pansi sipanalayo, mwanawe. Izizire kaye."

Mitu ya injiniyi ndi ya aluminiyamu, chitsulo chofewa. Ukamasula pulagi mutu uli wotentha, nthawi zina pulagi imatuluka ndi mazinga a m'bowo lake, ndipo ntchito ya ola limodzi imasanduka yotsitsa injini yonse. Choncho anadikira. Podikirapo ankapinda mawaya akale a mapulagi pakati pa zala, mmodzimmodzi. Anali ouma gwa, ong'aluka ngati zidendene za m'chilimwe. Anauza mwiniwake kuti waya wotere, ukauyang'ana usiku injini ikulira, umaona timoto tabuluu tikudumpha kuchoka pawaya kupita kuchitsulo. Moto umene unayenera kukapsereza petulo umathera panjira, ndipo chinyezi cha mvula chimauthandiza kuthawa.

Batire payokha ilibe mphamvu yodumphitsa moto pakamwa pa pulagi. Imene imaukuza ndi koyilo, ndipo imatero pa kamphindi komwe mapointi, tizitsulo tiwiri ta m'disitiribyuta, alekana. Mphamvuyo imakwera kufika mavolti masauzande ambiri, n'kulowa pakati pa chivundikiro cha disitiribyuta, pomwe rota imazungulira n'kumaigawa ngati mayi wogawa ndiwo m'mbale zinayi, iliyonse panthawi yake. Dongosolo la Beetle ndi 1-4-3-2. A ku Germany analidinda pachitsulo chomwe pamakhala jenereta, pambali pa liwu lawo lakuti Zündfolge. Bamboyo amalidziwa ngati dzina lake, komabe anapukuta girisi ndi chala chachikulu kuti mnyamatayo aziwerenge yekha nambalazo.

"Madala, ndizule onse nthawi imodzi?"

"Mmodzimmodzi. Ukazula uyu, bwezera mnzake pomwepo, kenako upite kwa wina."

Apa ndi pomwe ndinayamba kuona kusiyana kwa manja ake ndi manja a anthu ena. Waya samukoka pakati. Amagwira kumutu kwake, n'kupotoza pang'ono kuti mphira ulekane ndi pulagi, kenako n'kuzula. Watsopanoyo amamuyeza kaye pa wakale, poti mawaya anayiwa satalika mofanana. Masilinda 1 ndi 3 ali mkati, chakutsogolo kwa galimoto, kuseri kwa mapaipi, komwe maso saona bwino. Kumeneko ankagwira ntchito atayang'ana kumwamba, m'masamba a mango, zala zokha zikufufuza. Pulagi yatsopano ankaiyamba ndi dzanja mpaka itazungulira kangapo mosakakamira, sipanala n'kubwera pomaliza penipeni. Ikangolimba isanafike, ankaibweza n'kuyambiranso, osakwiya.

Mapulagi akale anawandanda pansalu monga momwe anatulukira. Atatu anali ofiirira ngati mtedza wokazinga bwino. Ya silinda 3 inali yotuwa, ndipo anaitembenuza m'dzanja nthawi yaitali. Injini ya Beetle ilibe madzi, imazizira ndi mphepo yochokera ku fani. Pa injini za zaka zimenezo, chozizilitsira oyilo chinakhala panjira ya mphepo yopita ku silinda 3, motero silinda imeneyi imalandira mphepo yotentha kale. Akatswiri a kampaniyo anadziwa zimenezi, ndipo madisitiribyuta ambiri a nthawiyo anawapanga kuti moto wa silinda 3 uzichedwerako pang'ono, pafupifupi madigiri atatu, kuti isapse. N'chifukwa chake bamboyo anafufuza kamzere kakang'ono kolembedwa pamlomo wa disitiribyuta, kosonyeza malo a waya wa nambala 1. Munthu akhoza kusuntha mawaya onse n'kupotoza disitiribyuta, galimoto n'kumalira ndithu, koma kuchedwa kuja kumakagwera silinda ina, ndipo yachitatuyo imapsa mwakachetechete kwa miyezi mpaka valavu itaduka.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi timphira. Waya aliyense wa Beetle amakhala ndi kamphira kozungulira pafupi ndi mutu, kotseka bowo la malata pomwe waya walowera. Ambiri amatiyesa tokongoletsa, ndipo tikang'ambika amangotitaya. Koma pabowo lotseguka mphepo yozizilitsa injini imathawirapo. Bamboyo ankakankha kamphira kalikonse ndi nsonga za zala kuzungulira bowo lonse mpaka katakhala thithithi. Ankakonza moto, koma anasamaliranso mphepo, pantchito yomwe mwini galimoto sakanaiona n'komwe.

Chivundikiro cha disitiribyuta anachiunika padzuwa, napeza kamzere kakuda kopyapyala ngati tsitsi, njira yomwe moto unadzitsegulira. Anachitaya pamodzi ndi rota. Zida zimenezi zikupezekabe mosavuta, poti Beetle inapangidwa yoposa 21 miliyoni. Ku Uitenhage ku South Africa anaipanga kuyambira 1951 mpaka 1979, ndipo yomaliza inatuluka ku Puebla ku Mexico mu 2003.

Mapointi atsopano anawapukuta kaye ndi kapepala koyera kuti achotse mafuta a kufakitale. Anazungulitsa injini ndi dzanja mpaka mapointiwo atatseguka kotheratu, nalowetsa kachitsulo koyezera ka mamilimita 0.4. Kayenera kudutsa mokhudza mbali zonse ziwiri, kosakakamira komanso kosagwedera. Anamanga, nayezanso, poti pomanga sikuluwu mpata umasuntha. Anamasula, nakonza, namanganso, mpaka katatu. Pachitsulo chokankha mapointi anapakapo girisi wochepa ngati mutu wa machesi. Kondensa, yomwe imateteza mapointi kuti asapse, anaisinthanso.

Nthawi ya moto anaitchera pomaliza, chifukwa mpata wa mapointi ukasintha nthawi nayo imasintha. Analibe makina alionse, koma kababu ndi mawaya awiri. Waya wina anaukola pa nambala 1 ya koyilo, wina pachitsulo cha injini. Anazungulitsa pule mpaka chizindikiro chake chitalunjika pamsoko pomwe mbali ziwiri za injini zimakumana, rota italoza kamzere kaja. Mnyamata anatsegula kiyi osaliza injini. Bamboyo anamasula nati, nagwira disitiribyuta ndi zala zitatu, nayamba kuipotoza pang'onopang'ono moti sindinkaona ngati ikuyenda. Tonse tinali chete, maso pakababu. Kanayaka. Anabwerera m'mbuyo, kanazima, nabweranso mpaka pomwe kanangoti phethi. Anamanga nati dzanja linalo lisanasunthe.

Inalira kamodzi kokha. Phokoso lake linali losalala, masilinda anayi akulandizana osaphonya. Mwiniwake anapisa m'thumba, koma bamboyo anamupempha kuti adikire dzuwa lilowe, poti linali litapendeka kale.

Kutada, anauza mnyamata kuti ailizenso. Tinawerama tonse anayi kumbuyo kwa galimoto, mitu pamodzi, kuyang'ana mawaya aja. Injini inkanjenjemera pang'ono, fani ikupemerera, ndipo m'menemo munali mdima bii.