Chidutsanyanja ndi Omutola

Lira, mbalule! Mpanje, vomera! Lero tikutama yula, mbalame yoderako ya m'nyanja yamchere, imene ku Australia amaitchanso muttonbird.

Ndinu a Chidutsanyanja, obadwira ku una wa mumchenga! Ndinu a Mapikosatopa, onyamuka ku nyanja ya Bering, kufupi ndi Alaska, n'kudula makilomita pafupifupi 15,000 kuti pofika kumapeto kwa Seputembala mukhale mutatera ku Tasmania ndi ku Phillip Island. A Dziralimodzi, una wanu ndi womwe uja wa chaka chatha, mnzanu ndi yemwe uja!

Koma zaka zina njala imakuperekezani. Tinkhanu ta m'nyanja tikachepa kumpotoko mumanyamuka thupi lilibe mafuta, namondwe n'kukumalizani kwanu kukuoneka. Mu 2013 magombe a kum'mawa kwa Australia anadzaza mitembo yanu, mu 2023 maliro anabwereranso. Wotsala ndi moyo amangoti khuma pamchenga, mapiko ali lende, fupa la pachifuwa likubaya chala ngati mpeni. Miyendo yanu ili kumbuyo kwenikweni, njopalasira madzi, pamtunda imakunyamulani movutikira.

Ng'oma itembenuke tsopano! Inu a Chilawirira, oyenda pagombe kusanache! A Mangagalu, oyamba mwakoka galu pachingwe, kenako n'kuimbira foni osamalira nyama zakutchire! A Manjaofewa, ovala magolovesi, ofunditsa mbalame thaulo kumutu kuti mtima ukhale m'malo, oigoneka m'katoni yoboolaboola, pamthunzi, kutali ndi phokoso! A Chisamwetsa, inu ndiye ndikugwadireni. Chifundo chimati imwetse, chimati idyetse, chimati iponyere m'madzi izipita. Inu mumakana, podziwa kuti madzi okakamiza amatsamwitsa, ndipo yofooka ikabwerera m'mafunde imamira. Zambiri zimafera m'katoni momwemo, mnofu utatha kale m'njira, koma m'mawa mwake tikupezani pagombe pomwepo.

Nanga inu a Chithimitsanyale a ku San Remo! Kumapeto kwa Epulo, makolo atapita kale, anapiye amatuluka okha m'mauna usiku, kuwala kwa magetsi n'kuwasokoneza, kuwagwetsera pamsewu. Inu mumathimitsa magetsi a pamlatho wolowera ku Phillip Island, madalaivala amachepetsa liwiro, olondera amatola ogwa paphula matayala asanawaponde. Abambo ombani m'manja! Amayi, nthungululu! Kamwana kosaidziwa nyanja katambasule mapiko, kaloze ku Alaska popanda wokatsogolera!