Liwu Lotsika la Bessie Head

Masamba ake ndi ochepa, anthu ake ndi 6, ndipo zochitika zake munthu akhoza kuzinena asanapume kawiri. Banja lina la ku Botswana, litathedwa nzeru ndi chilala, linapha ana ake awiri aakazi kuti mvula igwe, koma mvulayo sinagwe. Imeneyi ndiyo nkhani ya Bessie Head yotchedwa Looking for a Rain God. Aliyense wodziwa kugwira cholembera akanatha kuilemba moti owerenga anyansidwe ndi kutukwana banjalo. Mayiyu anailemba kuti ipweteke mumtima, ndipo chida chake chachikulu ndi liwu la wosimba nkhani, limene silikwera ngakhale pamene owerengafe tikufuna kukuwa.

Nkhaniyi inatuluka mu 1977 m'buku la The Collector of Treasures, momwe anasonkhanitsamo nkhani za moyo wa m'midzi ya Botswana. Ambiri amene anadutsa ku sekondale m'Malawi muno anakumana nayo m'buku lina la nkhani za alembi osiyanasiyana a mu Africa, lomwe mutu wake unatengedwa pa nkhani yomweyi. Mlembiyo sanali mbadwa ya ku Botswana. Anabadwira ku Pietermaritzburg mu 1937, anagwirapo ntchito ya utolankhani ku Cape Town ndi ku Johannesburg, kenako mu 1964 anachoka mu South Africa ndi chiphaso chosamulola kubwerera, n'kukakhala ku Serowe, mudzi waukulu wa Bamangwato. Unzika wa Botswana anadzaulandira mu 1979. Tsono m'nkhani muja chilala chimayamba mu 1958 n'kutenga zaka 7, kutanthauza kuti mayiyu anafika ku Serowe dzuwa lomwelo likadaphulika. Anafika ngati mlendo wopanda munda, wopanda mbale, wongodalira makutu ake. Ine ndimaona kuti liwu la m'nkhaniyi linachokera pamenepo. Ndi la munthu amene wakhala pakati pa eni mudzi nthawi yokwanira kuti amve ululu wawo, koma amadziwabe kuti si iye woyenera kuwaloza chala.

Taonani mmene akuyambira. Sathamangira kutionetsa banja lija. Ayamba watitengera kuminda, imene ku Botswana imakhala kutali ndi mudzi, m'katikati mwa thengo, kumene anthu amasamukirako nyengo ya dzinja. Atiuza za malo opumirapo a m'njira, a mthunzi ndi madzi, kumene ana ankatola nkhuyu ndi zipatso zina. Amalankhula modekha, ngati munthu amene sakudziwa kuti kutsogolo kuli imfa. Kenako atchula chaka, m'manambala, monga achitira olemba mbiri, ndipo malo okongola aja ayamba kuuma pamaso pathu. Alowetsapo ngakhale kanthabwala kamene anthu ankanena zaka zoyambirira za chilala, konyoza kuchepa kwa mvula. Patangopita mizere ingapo, ndi liwu lomwelo, osalikweza, osalitsitsa, atiuza kuti pofika chaka chomaliza amuna ena anatuluka m'nyumba zawo n'kukadzimangirira kumitengo. Chiganizo chimodzi basi. Kenako apitiriza kunena za asing'anga achinyengo amene analemera pogulitsa zithumwa ndi mankhwala opaka papulawo.

Apa ndi pamene pagona luso. Khutu la owerenga likuphunzitsidwa kuti m'nkhani muno zoopsa sizibwera ndi lipenga. Ukangozindikira zimenezi, sukhalanso momasuka, chifukwa chiganizo chilichonse chofatsa chikhoza kukhala chitanyamula mtembo. Amene anakhalapo pa siwa akudziwa kuti mkulu woimirira kufotokoza mmene malemu anadwalira sakuwa ndipo salira. Amayala nkhani mwadongosolo, tsiku lakuti tinapita nawo kuchipatala, tsiku lakuti anasiya kudya, ndipo kudekha kwakeko ndiko kumagwetsa misozi ya anthu, pakuti aliyense akuona mphamvu imene akugwiritsa ntchito kuti asagwe. Wosimba nkhani wa Bessie Head amalankhula motero.

Ndime imene ndimaikonda kwambiri ndi ya chiyembekezo. Kumayambiriro kwa Novembala kamvula kanawaza, kochepa koma kokwanira kufewetsa nthaka. Kubwalo la mfumu kunalengezedwa kuti nyengo yolima yayamba, ndipo banja la nkhalamba Mokgobja linali m'gulu la oyamba kunyamuka pa ngolo ya abulu. Wosimba awatchula mmodzimmodzi: Mokgobja wa zaka zopitirira 70, mwana wake Ramadi amene akuyendetsa ngolo, mkazi wa Ramadi dzina lake Tiro, Nesta wosakwatiwa, ndi tiasungwana tiwiri, Neo ndi Boseyong. Kenako ntchito: kusosa minga, kutchinga munda ndi minga yomweyo kuti mbuzi zisalowe, kukumba chitsime chakale kuti chizame, kumanga ng'ombe ziwiri pagoli n'kugalauza nthaka. Palibe paliponse pamene wosimba akunena kuti anthuwa ndi abwino kapena kuti amawakonda. Chikondi chake chili m'kusamala kumene akuwerengera ntchito iliyonse, osadumphapo. Munthu sungalondoloze thukuta la mnzako chotero ngati ukumuona ngati chilombo. Pofika pakati pa mwezi womwewo mvula yathawa, thambo layera, ndipo mbewu za mapira, chimanga, maungu ndi mavwende zangokhala osabzalidwa. Mlimi aliyense amene anaonapo chimanga chikufota ndi ng'amba ya mu Januwale saona chachilendo pa anthu ongokhala pamthunzi tsiku lonse maso ali kumwamba. Agogo athu anasimba za njala ya 1949, ndipo ambiri a ife tinaona ndi maso ya 2002.

Chinthu china chimene ndimachita nacho chidwi ndi kumene wosimbayo amaika mawu ake olemera. Anthu amawafotokoza mosakometsera, koma dzuwa amalipatsa nkhanza, ngati chamoyo chimene chikusangalala ndi kuzunza. Mkwiyo umene sakufuna kuutula pa Ramadi kapena pa nkhalamba ija amautula kumwamba. Choncho mtima wa wosimba sunabisike konse ayi. Waikidwa pamalo pamene sungaweruze munthu.

Nanga ana aja? Pamene akuluakulu atha mawu, Neo ndi Boseyong ali kalikiliki ndi masanje. Amanga timitengo ndi nsanza n'kutisandutsa ana awo, ndipo akutikalipira ndi kutikwapula motsanzira ndendende amayi awo. Pafupifupi mawu okhawo amene timawamva mwachindunji kuchokera pakamwa pa munthu m'nkhani yonseyi ndi a tiana timeneti. Akuluakulu onse amalankhula kudzera mwa wosimba. Mokgobja sitimumva, Ramadi sitimumva, oweruza sitiwamva. Tsono m'nkhani yotsika mawu chonchi, timawu ta ana timamveka kwambiri, toseketsa, todzaza moyo. Owerenga amamwetulira, chifukwa ndani sanaonepo kamtsikana katagwira m'chiuno kakudzudzula chitsononkho chimene kachibereka kumsana? Koma kumwetulirako kuli ndi mtengo wake. Masewerawo akutionetsa kuti m'nyumba imeneyi mwana amakalipiridwa kale ngati cholemetsa, ndipo akutipatsa phokoso limene tidzalisowe likadzazima. Bessie Head sanalembe kuti anawo anali osalakwa, okondeka, omvetsa chisoni. Anangotilola kuti tiwamve akusewera, kawiri, ndipo kachiwiriko ndi pamene akuluakulu ayamba kale kunong'onezana.

Njira yofikira pa kunong'onezanako yayalidwa mosamala kwambiri. Ziweto zagulitsidwa zaka za m'mbuyo, zatsala mbuzi ziwiri. Amayi awiri aja ndi amene ayamba kusweka. Usiku uliwonse amalira maliro opanda mtembo, kuyambira pansipansi mpaka kufika pokuwa ndi kupondaponda. Amuna angokhala duu, chifukwa mwamuna amayenera kuoneka wolimba, koma wosimba atiuza mosabisa kuti m'kati nawonso akugumuka. Ndiyeno m'mutu mwa nkhalamba mudzuka chikumbukiro cha mwambo wina woitanira mvula umene anauona ali mwana, umene unakwiriridwa ndi zaka zambiri za mapemphero a m'tchalitchi. Apa mlembi wina akanagwa m'mbuna. Akanamujambula Mokgobja ngati mfiti ya maso ofiira, kapena akanayamba kulalikira za mdima wa miyambo ya makolo. Wosimba uyu angotionetsa mmene zinthu zimayendera m'mutu mwa munthu wosweka. Nkhalambayo ikukumbukira mwachimbuuzi, koma pamene ikufotokozera mwana wake, zachimbuuzizo zikulimba, mpaka iyo yomwe iyamba kuzikhulupirira ndi kulankhula ndi ulamuliro. Ramadi, amene kulira kwa usiku kwamutha mphamvu, alibenso poimira kuti atsutse. Palibe chiwanda pano. Pali anthu anayi otopa, anjala, osagona tulo, ndi mmodzi mwa iwo amene akulankhula ngati akudziwa.

Kenako pabwera chiganizo chimene nkhani yonse yatsamirapo, ndipo sindichilemba pano, koma kamangidwe kake n'koyenera kukayang'anitsitsa. Kuphedwa kwa ana sikuonetsedwa. Palibe mpeni, palibe kukuwa, palibe amene tauzidwa kuti ndiye anagwira. Chochitikacho chakankhidwira m'chigawo choyamba cha chiganizo, chija chongokonzera njira, monga timanenera kuti zitatha izi, ndipo mutu weniweni wa chiganizo ndi wakuti mvula sinagwe. Ndiye kuti wosimba waika kulemera pamene banjalo linaika maso ake. Iwo ankayang'ana kumwamba, ndipo ifenso tikakamizidwa kuyang'ana komweko, n'kuona thambo lili mbee. Mantha amene amagwira owerenga pamenepa amachokera poti maso ako adutsa pa imfa ya ana awiri usanakonzeke, ndipo umabwerera m'mbuyo kuti uwerengenso, kuganiza kuti mwina wadumpha mzere. Sunadumphe. Zimene wosimba wakana kujambula, mutu wako uzijambula wokha, ndipo umazijambula ndi timawu ta masanje tija tikadali m'makutu.

Ena amati kudekha kotereku ndi kuuma mtima, kapena kuti mlembi akuchepetsa mlandu. Sindigwirizana nawo. Akanationetsa magazi, tikanapeza pothawira. Tikananyansidwa, n'kunena kuti awa si anthu ngati ife, n'kutseka buku mtima uli m'malo. Kunyansidwa kumamasula munthu msanga. Liwu lotsikali silitipatsa mpata umenewo. Komanso mlandu suchepa, pakuti amene akuunyamula koyamba ndi eni akewo. Usiku kwangoti zii, ndipo mantha awagwira mpaka akulunga zofunda ndi miphika n'kuthawira kumudzi.

Zotsatira zake zikuyenda mofulumira, monga ziyenera. Anthu aona kuti ana palibe. Banja likuti anamwalira kumunda ndipo anaikidwa komweko, koma nkhope zawo zikunena zina. Abwera apolisi, amva nkhani yomweyo, n'kupempha chinthu chimodzi chokha, kuti akaone manda. Pamenepo mayi wa anawo asweka n'kuulula zonse. Mokgobja ndi Ramadi aweruzidwa kuti aphedwe. Wosimba sakutsutsa chigamulocho, ndipo sakuchiombera m'manja. Angonena kuti lamulo linali ndi dzina limodzi la mlanduwo ndi chilango chimodzi, ndipo kuti njala, kutopa ndi kusweka kwa mitima sizinali zinthu zimene khoti likanalandira ngati umboni. Apa ndi pamene timazindikira chimene takhala tikuwerenga. Nkhani yonseyi ndi umboni uja umene khoti silikanaumva, ndipo n'chifukwa chake yanenedwa ndi liwu la mboni, losakokomeza, lotchula chaka, mayina ndi chiwerengero cha mbuzi. Mboni yokuwa anthu saikhulupirira.

Kumapeto kwenikweni liwu lija likulitsa bwalo. Silikunenanso za banja limodzi, koma za onse a m'mudzimo odalira khasu, amene mumtima ankadziwa kuti mpata wowalekanitsa ndi banja la Mokgobja unali wochepa zedi. Wosimba amene anayamba ngati woyenda m'njira wongoonerera watsiriza ali pakati pa anthu, akulankhula zimene iwo sangathe kuzitchula pabwalo. Mawu ake sanasinthe kuyambira tsamba loyamba. Amene tasintha ndife, pakuti tsopano tikumva chisoni chimene chinalimo kuyambira pa malo a mthunzi ndi nkhuyu paja.

Chimandidandaulitsa n'chakuti nkhani ngati iyi ikalowa m'kalasi, kawirikawiri imafinyidwa mpaka kutsala yankho la mzere umodzi, lakuti ikutiphunzitsa kuipa kwa zikhulupiriro. Wophunzira akhoza kukhoza nalo mayeso yankho limenelo asanamve n'komwe zimene Bessie Head anachita. Mayiyu anamwalira ku Serowe mu 1986 ali ndi zaka 48, ndipo anasiya mabuku akuluakulu monga Maru ndi A Question of Power, koma pa nkhani ya kulamulira liwu, masamba ochepawa sagonja kwa lililonse mwa mabukuwo. Aphunzitsi, ndi inu nonse amene mukuyesa kulemba nkhani zazifupi m'Chichewa, musanafunse za mitu ndi maphunziro a m'nkhaniyi, iwerengeni mokweza kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo mukafika pa chiganizo cha ana chija musasinthe mawu anu.