Wolanga Asadzifotokoze Yekha

Nkhani zambiri za Chichewa zokamba za kholo laukali zimathera pamodzimodzi: mwana wakula, wagwada, akuthokoza bambo ake chifukwa cha mkwapulo wakale. Kulemba kophunzitsa kotere n'kwakale, tidakuona kale mu Nthondo wa Samuel Nthara mu 1933, ndipo kuli ndi malo ake. Koma m'nkhani yaifupi kumapha chidwi, pakuti wowerenga amadziwiratu patsamba loyamba kuti wolangayo ndiye wolondola.

Langston Hughes adadzera njira ina mu "Thank You, M'am" ya 1958. Mnyamata Roger akufuna kutsomphola chikwama cha mayi wina usiku. Mayiyo akumugwira malaya, kumukokera kwawo, kumulamula kuti asambe kumaso, kenaka kumupatsa chakudya ndi madola 10 ogulira nsapato zomwe ankazisirira. Luso lagona apa: popita kukaphika, mayiyo akusiya chikwama chija pabedi, chitseko chili chotsegula, osacheuka n'komwe. Roger akusuntha yekha n'kukhala poti mayiyo azimuona. Hughes sakutiuza kuti mayiyu ndi wachikondi, tikudzionera tokha pachikwamapo.

Ife olemba a kunyanja kuno ku Salima sitisowa poyambira. Pachilumba cha Mbenje, Mfumu Makanjira imatseka usodzi kuyambira Disembala mpaka Epulo, mowa ndi juga n'zoletsedwa, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa pachilumbapo. Taganizani za mkulu woyang'anira malamulowa amene wapeza kachasu m'bwato la mphwake weniweni. Wolemba waulesi amupatsa mkuluyo ndime zitatu za malangizo. Wolemba waluso ationetsa mkuluyo akulanda nkhafi pamaso pa asodzi onse, nkhope ili gwa, kenaka madzulo akutuma mwana kukatula mbale ya utaka pakhomo pa mlongo wake, popanda uthenga uliwonse.

Chimene ndimachilakalaka kwambiri n'chakuti mphwakeyo apatsidwe mpata wokwiya, ndipo mkwiyo wake ukhale ndi chifukwa. Akachoka pachilumba nsomba zili pachimake, ana ake agona ndi njala, ngongole ya ukonde ikumudikira kumtunda. Tikudziwa tonse kuti m'makomo mwathu nkhanza zenizeni zimabisala m'mawu oti "ndikukukonza". Choncho wolemba asafulumire kumasula mkuluyo pamlandu. Atisiye tikukangana ngati amalumewo adapulumutsa mnyamatayo kapena adangoteteza dzina lawo pamaso pa mfumu.