Mavesi awiri oyandikana pa Miyambo 26

Miyambi ya Solomo yoyambira pa mutu 25 wa buku la Miyambo idakoperedwa ndi anthu a Hezekiya, mfumu ya Yuda, zaka pafupifupi 700 Yesu asanabadwe. Luso lawo ndimaliona bwino pa mutu 26, vesi 4 ndi 5. Vesi loyambalo likukuletsa kuyankha chitsiru potsata uchitsiru wake. Usanapume n'komwe, linzake likukulamula kuti uchiyankhe.

Mlembi wamantha akadafufutapo limodzi, kapena kukalibisa pa mutu wina kuti wowerenga asazindikire. Iwowa adawagundanitsa dala. M'Chihebri, theka loyamba la mavesi onsewa ndi mawu amodzimodzi, kupatula kamawu kamodzi kokaniza. Theka lachiwiri nalonso limayamba mofanana, ndi mawu ochenjeza za ngozi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Ukachiyankha, mwina ufanana nacho, nonse awiri mitsempha ili njo pakhosi, odutsa osadziwa kuti wanzeru ndani. Ukachisiya, chipita kwawo chikudziyesa kuti chakugonjetsa. Alembiwo adakuonetsa maenje onse awiri, koma sadakuuze kuti lero uponde pati.

Zimenezi zidavutitsa ngakhale aphunzitsi a Chiyuda. Buku lawo la Talmud limasimba kuti ena adafuna kuliika padera buku la Miyambo chifukwa cha mavesi omwewa, mpaka adagwirizana zoti chitsiru chiziyankhidwa pa nkhani za Chilamulo, pa nkhani wamba ayi. Yankholo ndimalilemekeza, komabe ndikuona kuti alembi aja adali atayankha kale, pafupi pomwepo. Vesi 7 likuyerekeza mwambi wonenedwa ndi chitsiru ndi miyendo yolobodoka ya munthu wolumala, ndipo vesi 9 likuuyerekeza ndi minga m'dzanja la chidakwa. Mwambiwo ndi woona ndithu, koma wagwidwa ndi munthu wosadziwa nthawi yake. Aliyense amene adakhalapo pabwalo la milandu amadziwa kuti nkhalamba yoopedwa ndi ija imadikira, n'kuponya mwambi umodzi wokha, mlandu n'kuthera pomwepo.

Ndikawerenga mavesiwa ndimakumbukira Ambuye Yesu. Atamutchera msampha pa za msonkho wa Kaisara, adaitanitsa ndalama, n'kufunsa za nkhope imene idali pamenepo, ndipo omufunsawo adasowa chonena. Patangopita masiku owerengeka adaima pamaso pa Herode, amene ankalakalaka kuona chozizwitsa. Herode adamupanikiza ndi mafunso ambirimbiri, koma Luka akutiuza kuti Yesu sadamuyankhe kanthu.