Kasitika ka Pansi pa Boneti

Galimoto yokhala ndi AC imachoka kufakitale ili ndi kasitika komatidwa kunsi kwa boneti kapena pachitsulo cha pamwamba pa radiyeta. Kali ndi mizere itatu kapena inayi basi. Pa galimoto zimene timaitanitsa ku Japan mawu ena amakhala a Chijapanizi, koma manambala ndi omwewa tonse timawadziwa. Munthu amene watulutsa galimoto kugalaja, ndalama walipira, koma AC ikungouzira kamphepo kopanda mphamvu, ayambe wapukuta fumbi pa kasitika aka asanakweze mawu kwa amakaniko.

Mzere woyamba ndi dzina la gasi. Pa galimoto zambiri za m'misewu yathu palembedwa R134a kapena HFC-134a. Kale kunali R12, koma pangano la ku Montreal la 1987 linamuthetsa chifukwa ankawononga ozoni, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 opanga galimoto anali atasintha. Galimoto zambiri zatsopano tsopano zikubwera ndi R1234yf. Dzina pa sitika ndi limodzi, palibe pamene akupereka mwayi wosankha. Choncho gasi wa mufiriji ngati R600a, amene ndi woyaka moto, alibe malo m'mapaipi amenewa ngakhale atatchipa bwanji.

Pagona nkhani ndi pamzere wachiwiri. Pali nambala, kenako chizindikiro cha ±, kenako kanambala kakang'ono, ndipo mapeto ake ndi g kapena kg. Tinene kuti palembedwa 450 ± 30 g. Amene analemba akunena za kulemera. Sanatchule psi, sanatchule pamene muvi wa geji uyenera kuloza. Komatu m'magalaja ambiri sikelo simuiona. Makaniko amalumikiza mapaipi a buluu ndi ofiira, amatsegula silinda, dzanja lina ali nalo pa paipi kumvetsera kuzizira, kenako amvekere: "Bwana, gasi wakwana, onani geji."

Gejiyo sinama, koma ikuyankha funso lina. Injini ikakhala yozimitsa, mphamvu ya gasi m'mapaipi imatsatira kutentha kwa tsikulo, bola mukhale kagasi kamadzi ngakhale pang'ono. Kunja kukakhala madigiri 30, R134a amaonetsa pafupifupi 97 psi, kaya ndi wokwana kaya watsala theka. Zili ngati silinda ya gasi wophikira: pokadzazitsa amaiika pa sikelo n'kukuuzani makilogalamu, chifukwa mphamvu ya mkatimo siisonyeza kuchuluka kwake. Injini ikamalira, geji imathandiza ndithu kuona ngati kompuresa ikupopa kapena ngati pena patsekeka, koma manambala ake amasuntha ndi dzuwa, liwiro la injini ndi mphepo ya fani.

Tsono kanambala kakang'ono kaja n'koopsa kuposa mmene kamaonekera. Kakunena kuti malire ali mbali zonse ziwiri, ndipo ndi opapatiza. Kuperewera aliyense amakumvetsa. Chimene eni galimoto ambiri safuna kumva n'chakuti kupyoza kumafoolanso AC chimodzimodzi. Gasi akachuluka, wamadzi amadzaza mbali ya kondensa imene inayenera kutaya kutentha, mphamvu kumbali ya paipi yopyapyala imakwera, ndipo swichi yoteteza imayamba kudula kompuresa. Mwini galimoto amamva kuzizira kukubwera n'kuthawa, n'kubwerera kugalaja kukapempha kuti amuonjezereko pang'ono. Akamuonjezera zinthu zimaipiraipira. Pamenepa sindingaimbe mlandu amakaniko okha, ife eni akefe timakonda kuona silinda ikutsegulidwa kuti mtima ukhale pansi kuti ndalama yagwira ntchito.

Nambala ya magalamu ija ilinso ndi mfundo imene sinalembedwe: ikuwerengera mapaipi opanda kanthu. Gasi wolemera choncho amalowa m'malo amene mwachotsedwa zonse, mpweya ndi chinyezi chomwe. N'chifukwa chake aliyense amene wamasula paipi, kusintha kondensa kapena kompuresa, ayenera kulumikiza pampu yokoka mpweya kwa mphindi pafupifupi 30, n'kuidikira kuti aone ngati penapake sipakudontha. Mpweya wotsalira susanduka madzi mu kondensa, umangotenga malo n'kukweza mphamvu. Chinyezi nacho chimakaundana pa kavalavu kopapatiza kolowera ku evaporeta. Chizindikiro chake n'chodziwika: mukangonyamuka kumazizira bwino, patsogolo pang'ono kumasiya, mukaizimitsa kanthawi n'kuyatsanso kumabwerera. Kabotolo koyamwa chinyezi kamene amakatcha drier kamayeneranso kusinthidwa mapaipi akakhala otsegula nthawi yaitali, koma pa risiti zambiri simukapeza.

Mzere wachitatu ndi wa oyilo wa kompuresa. Pa Toyota zambiri za R134a palembedwa ND-OIL 8. Pa Prius ndi Aqua, zimene kompuresa yake imayendera magetsi amphamvu, amafuna ND-OIL 11, amene sadutsitsa magetsi. Kuthiramo oyilo wamba kungawononge kompuresa ya ndalama zambiri. Ndipo kompuresa yatsopano nthawi zambiri imabwera ndi oyilo wake kale, pamene wina wakale akadali m'mapaipi. Wosayeza amapezeka wachulutsa, oyiloyo n'kumata mkati mwa kondensa ndi evaporeta, kuzizira n'kuchepa.

Mzere wotsiriza ndi chenjezo loti mkatimo muli mphamvu yaikulu, agwire ndi odziwa ntchito okha. R134a amawira pa madigiri 26 pansi pa ziro, akakuthirani m'maso mutha kuchita khungu.

Kasitikaka kali ndi polekezera pake. Sikanena kanthu za mphepo, pamene AC yonse imadalira mphepo. Ngati kumazizira mukuthamanga pa M1 koma kumafunda mukaima pamzere wa galimoto mu Chipembere Highway masana a Okutobala, suzumirani fani ya kutsogolo kwa injini ngati ikuzungulira AC ikayaka. Si zachilendo kuti pulagi yake iiwalike pobwezera zinthu. Ngati mphepo yotuluka ndi yozizira koma yochepa, tulutsani fyuluta ya kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa pasinjala, mwina yadzaza fumbi ndi masamba. Ngati paipi yonenepa ya ku injini ikuzizira mpaka kuchita thukuta koma mkati mukutentha, gasi alibe mlandu, kachitseko kosakaniza mphepo yotentha ndi yozizira m'dashibodi ndi kamene sikakutseka.

Mukabwerera kugalaja musapemphe zoonjezera gasi. Atsegulireni boneti, alozereni nambala ija, muwafunse mwaulemu kuti, "Achimwene, munakoka mpweya kwa mphindi zingati, nanga munaikamo magalamu angati?" Akalephera kuyankha funso lachiwiri, pitani kumene kuli sikelo.